Kodi mumadziwa? Ku Britain nako ana amagona ndi njala

Kodi mumadziwa kuti ku Britain, limodzi mwa mayiko 10 a chuma chachikulu padziko lonse, ana pafupifupi 4.5 miliyoni akukulira mu umphawi? Awa ndi mawerengero a boma lawo lomwe a chaka cha 2023/24. Anawa ndi ochuluka kuposa katatu anthu onse okhala mumzinda wa Lilongwe!

Kumeneko banja limatchedwa losauka ngati, likalipira nyumba, ndalama zotsala sizifika pa 60 peresenti ya zimene banja lapakatikati limatsala nazo. Ndiye m'kalasi ya ana 30, osauka angakhalemo angati? Pafupifupi 9.

Mwina mukuti makolo awo ndi malova. Ayi ndithu, ambiri amalawirira kuntchito tsiku ndi tsiku, koma lendi ndi magetsi zimameza malipiro mwezi usanafike pakati. Mwa ana 10 osaukawa, 7 ali m'mabanja momwe muli munthu wapantchito.

Nanga pogona? Mabanja ena akalephera lendi, khonsolo imawaika m'malo ongoyembekezera, mwina chipinda chimodzi cha hotela yotchipa, momwe mwana amalembera homuweki pabedi lomwe agonepo ndi abale ake. Mu 2024, ana okhala motere ku England kokha anaposa 150,000.

Ku London kuli dera lotchedwa Tower Hamlets, komwe kuli nyumba zosanja zagalasi za mabanki akuluakulu za Canary Wharf. M'dera lomwelo, mwana mmodzi mwa awiri alionse, kapena kuchepera pang'ono, ndi wosauka.

Kodi munamvapo za Trussell Trust? Bungweli linatsegula malo ake oyamba ogawirapo chakudya ku Salisbury mu 2000, ndipo munthu akabwera ndi kalata yomutumiza amalandira nyemba zam'chitini, pasta, tiyi ndi mkaka zoti adye masiku atatu. M'chaka cha 2023/24 linagawa maphukusi oposa 3 miliyoni, ndipo oposa 1 miliyoni anali a ana.

Okonda mpira, iyi ndi yanu. Marcus Rashford anakulira ku Wythenshawe mumzinda wa Manchester, akudalira chakudya chaulere cha kusukulu pomwe mayi ake ankathamanga ndi ntchito zingapo. Mu June 2020, akusewera ku Manchester United, analembera aphungu kalata yopempha kuti ana osauka asasiye kulandira thandizo la chakudya patchuthi.

Boma la Boris Johnson linayamba lakana. Koma anthu atavuta, linabweza mawu tsiku lotsatira lomwe, mnyamatayo ali ndi zaka 22 zokha. Ana amene anapindula: pafupifupi 1.3 miliyoni.

Lamulo lina ndi lomwe linandiimitsa mutu ine. Kuyambira April 2017, boma linaleka kupereka mbali ina ya ndalama zothandizira mabanja osauka kwa mwana wachitatu ndi otsatira, ngati kuti khandalo linasankha lokha kubadwa mochedwa. Thandizolo linkathera pa ana 2.

Phala la Mary's Meals lomwe ana athu amamwa kusukulu mukulidziwa? Analiyambitsa ndi Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, ndipo linayambira ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200. Kwawo ku Scotland komweko, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse ali mu umphawi.

Mu 1999, nduna yaikulu Tony Blair analonjeza kuti umphawi wa ana udzatheratu m'zaka 20. Nanga mu December 2020 kunachitika zotani? UNICEF, kwa nthawi yoyamba m'zaka zoposa 70, inapereka ndalama zodyetsera ana ku Britain, ndipo ana a ku Southwark, m'kati mwa London, anapatsidwa chakudya cham'mawa cha ndalama zokwana mapaundi 25,000.