Mpango wa M'khosi Wopanda Kumbuyo

Mwezi wa June ukafika, ife a ku Mongue sitifunsa. M'mawa kumacha ndi nkhungu, kamvula kowaza kamagwa tsiku lonse, ndipo mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Nyengo imeneyi timaitcha chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, la m'boma lathu lomweli, kumwera kwa tauni ya Milange.

Mwana wopita kusukulu m'mawa wotere, khosi lili pamtunda, amafika akunjenjemera. Ena amangobwerera panjira. Juzi yatsopano ndi yodula, koma mpango wa m'khosi tingathe kuluka tokha.

Ambiri tinaonapo majuzi a pa kaunjika okhala ndi maluko onga chingwe chopota. Malukowa anatchuka ku zilumba za Aran, m'dziko la Ireland, kumene akazi ankalukira asodzi majuzi ochindikala. Pa juzi chingwecho chimaoneka mbali imodzi, ndipo palibe vuto, pakuti mkati mwa juzi saonamo munthu. Mpango ndi wina. Umazungulira khosi, mphepo imautembenuza, mbali zonse ziwiri zimaoneka. Tsono tiphunzire kuluka chingwe chooneka uku ndi uku.

Tifuna ulusi wolukira majuzi. Ngati ndalama palibe, timasule juzi yakale, tikulunge ulusiwo pampando, tiunyowetse ndi kuuyanika kuti uwongoke. Tifunanso singano zolukira ziwiri. Nsungwi yosemedwa bwino ndi kusalazidwa imagwira ntchito. Masipoko a njinga ndi opyapyala kwambiri, amalimbitsa maluko, ndipo pa ntchito iyi sitiwakonda. Chomaliza ndi kamtengo kachitatu, kafupi ngati chala, kosongoka mbali zonse.

Tizingwe timene timakhala pa singano tizititcha maso, monga maso a ukonde. Maso alipo a mitundu iwiri. Diso lakutsogolo timaluka ulusi uli kuseri kwa singano, ndipo limaoneka ngati chilembo cha V. Diso lakumbuyo timaluka ulusi uli mbali yathu, ndipo limaoneka ngati kamfundo. Pa Chipwitikizi amati meia ndi liga.

Apa timvetsetse bwino. Lukani diso lakutsogolo, kenaka tembenuzani nsaluyo. Mukuona chiyani? Kamfundo. Ndiye kuti diso lakutsogolo ndi diso lakumbuyo ndi diso limodzi, tangoliona mbali ziwiri. Tikamaluka mosinthanitsa, limodzi lakutsogolo, limodzi lakumbuyo, mbali zonse za nsalu zimafanana. Chingwe chopotedwa pa maluko otere chimafanananso. Chinsinsi chonse ndi chimenechi.

Tiyike maso 28 pa singano. Tiwagawe motere: 6, 16, 6. Maso 6 oyamba tiluke akutsogolo okhaokha. Maso 16 apakati tiluke mosinthanitsa, kuyamba ndi lakutsogolo, kutsiriza ndi lakumbuyo. Maso 6 omaliza akhalenso akutsogolo. Tikatembenuza, tichite chimodzimodzi. Mzere uliwonse ndi wofanana ndi unzake, palibe china choloweza.

Tiluke mizere 11. Pa mzere wa 12 ndi pamene tipota. Tiluke maso 6 a m'mphepete. Maso 8 otsatira tisawaluke, tiwasunthire pa kamtengo kachitatu ndi kukasiya kalendewere mbali yathu. Tiluke maso 8 ena aja mosinthanitsa. Tsopano tibwerere ku kamtengo, tiluke maso ake 8 mosinthanitsanso, osakatembenuza. Timalize ndi maso 6 a m'mphepete. Gulu lina ladutsa pamwamba pa linzake, monga momwe timalukira tsitsi la mwana.

Nanga bwanji maso 8, osati 7? Chifukwa maso athu amayenda awiriawiri. Tikachotsa 8, diso lotsatira ndi lakutsogolo, ndipo ndondomeko siisokonezeka. Tikachotsa 7, diso lakutsogolo limakakhala pa malo a lakumbuyo, mizere imaduka, chingwe chimaoneka ngati chadyedwa ndi njenjete. Wofuna chingwe chaching'ono agawe 6 ndi 6, kapena 4 ndi 4. Asagawe 5 ndi 5.

Mzere wopota umalimba, ndipo manja amadandaula. Musakoke mwamphamvu, ulusi wa juzi yakale suchedwa kuduka. Mzere wa 11 muziuluka momasuka, mudzaona kuti wa 12 ukupepuka.

Chimene chimagwetsa ambiri si manja ayi, ndi kuwerenga. Mayi wina wa m'kalasi mwathu analuka bwino ndithu, koma mizere ankaiwerenga pamtima, uku akuphika, uku akuyamwitsa. Pena anapota pa mzere wa 9, pena pa wa 15. Chingwe chinatuluka pena chothina, pena chotalika, ndipo anamasula ntchito ya sabata yathunthu. Tsono tengani pensulo. Mukamaliza mzere, lembani nambala yake m'kope: 1, 2, 3, mpaka 12. Mukapota, yambaninso pa 1. Amene manambala sanawazolowere aike njere za chimanga 12 m'mbale, azichotsa imodzi pa mzere uliwonse. Njere yomaliza ndiyo mzere wopota. Koma nkhuku zikhale kutali.

Mpango wa mwana wasukulu utalike mita imodzi. Wa munthu wamkulu, mita imodzi ndi theka. Tikapota komaliza, tilukenso mizere 11 kuti mathero afanane ndi chiyambi. Potseka maso tisathinitse, kuopa kuti nsonga ya mpango ingakwinyike. Timichira ta ulusi tilowetse m'maluko ndi singano yosokera, kuti pasaoneke mbali imene tinalumikiza.

Pochapa tigwiritse madzi ozizira. Tisafinye mopotokola, ndipo tisapachike pachingwe, pakuti mpango wonyowa umalemera ndi kutamuka. Tiuyale pamphasa, pamthunzi. Woluka madzulo okha ayambe mwezi wa April, kuti chiperoni chipeze mwana atavala.

Tiwerengere limodzi. Mayi wapota ka 20, ndipo kupota kulikonse kumatenga mizere 12. Waluka mizere ingati? Ngati amaluka mizere 24 tsiku lililonse, ntchitoyi yamutengera masiku angati? Lembani mayankho m'kope, ndipo mawa mubwere ndi singano zanu.