Mafunde a mpweya amene amapulumuka ukonde wa makompyuta

Pa 2 Seputembala 2018, ndege yopanda injini yotchedwa Perlan 2 inafika mamita opitirira 23,000 m'mwamba, pamwamba pa mapiri a Andes kum'mwera kwa Argentina. Ndege zonyamula anthu zimayenda cha pa theka la mtunda umenewu. Ndege ina inaikoka kuchoka ku El Calafate n'kuimasula m'mwamba, ndipo kuyambira pamenepo oiyendetsa, Jim Payne ndi Tim Gardner, analibe mafuta ngakhale dontho. Chinawakweza ndi funde la mpweya.

Mafunde otere akatswiri amawatcha gravity waves. Mphepo ikawomba phiri, mpweya umakakamizika kukwera. Ukakwera umazizira n'kulemera kuposa wouzungulira, ndiye mphamvu yokoka ya dziko imaubweza. Potsika umapyola malo ake, n'kupepuka, n'kukweranso. Kukwera ndi kutsika kumeneku kumafalikira kutali. Mvula yamabingu nayo imabala mafundewa. Tsiku lina mukadzaona mitambo itandandalika ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino, dziwani kuti mwina ndi mapazi a funde lotere.

Nkhani imakoma funde likamakwera. M'mwamba mpweya ndi wopyapyala, choncho kafunde kamene kanayamba mofatsa pansi kamanka kakula, mpaka kukafika mu stratosphere, chigawo chimene chimayambira pa makilomita 10 mpaka 17, malinga ndi dera, n'kuthera pa 50. Kumeneko, kapena kupitirira pamenepo, funde limasweka monga amachitira mafunde a mwera pagombe, n'kutula mphamvu yake yonse pa mphepo imene laipeza. Phiri la pansi pano limatha kuchepetsa liwiro la mphepo imene ili makilomita 40 pamwamba pake.

Vuto lili pa makompyuta olosera nyengo. Kompyuta imagawa mlengalenga m'timabokosi, ndipo pa zolosera za zaka zambiri bokosi limodzi limakhala la makilomita pafupifupi 100. Mafunde ambiri ndi aafupi kuposa pamenepo, ena makilomita 10 okha. Kuli ngati kuwedza usipa ndi ukonde wa chambo. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri anaona kuti mphepo za m'makompyuta awo zikuthamanga kuposa zenizeni. Mu 1986 Tim Palmer, Glenn Shutts ndi Richard Swinbank a ku Met Office ya ku Britain anaikamo masamu oyerekezera mmene mafunde a kumapiri amabwezera mphepo, ndipo Norman McFarlane ku Canada anachita zofanana mu 1987. Njirayi, yotchedwa parameterisation, ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Komatu tinene chilungamo: n'kulota mwanzeru chabe. Pofuna kuti masamu asalemere, njira zambiri zimaganiza kuti funde limakwera molunjika m'bokosi lake lomwelo, osapatuka, ndiponso kuti limafika pamwamba nthawi yomweyo. Mafunde enieni samvera lamulo limeneli. Pa madigiri 60 kum'mwera, pamene pafupifupi ponse ndi nyanja, kompyuta imati palibe phiri, ndiye palibenso funde. Masetilaiti amaona zina: nthawi yozizira deralo limadzaza mafunde, ena opatuka kuchokera ku Andes ndi ku Antarctic Peninsula, ena ochokera ku tizilumba ngati South Georgia, ena obadwa m'mikuntho ya panyanja. Chifukwa chosowa mafundewa, m'makompyuta ambiri chimphepo chozungulira Antarctica chimazizira mopyola muyeso ndipo chimachedwa kutha. Si nkhani yaing'ono, chifukwa mitambo imene imathandiza kuwononga ozone imapangika kukazizira kufika cha pa madigiri 78 pansi pa ziro.

Pamwamba pa equator pali chodabwitsa china. Mphepo ya mu stratosphere imawomba chakum'mawa, kenako chakumadzulo, n'kubwerera pakatha miyezi pafupifupi 28. Richard Lindzen ndi James Holton anafotokoza mu 1968 kuti amaitembenuza ndi mafunde ochokera pansi. Makompyuta ambiri saitulutsa mphepoyi pokhapokha akatswiri atasinthasintha kukula kwa mafunde oyerekezera aja mpaka miyezi ikwane. Mu 2016 kayendedweka kanasokonekera, ndipo olosera anangodzidzimuka nako.

Chimasowa kwambiri ndi funde lodziwika kumene lachokera ndi nthawi imene layambira. Pa 15 Januwale 2022 kuphulika kwa phiri la Hunga Tonga-Hunga Ha'apai kunapereka mwayi umenewu. Chipangizo cha AIRS pa setilaiti ya NASA yotchedwa Aqua chinajambula mikombero ya mafunde cha pa makilomita 40 m'mwamba, ikufalikira makilomita zikwizikwi pamwamba pa nyanja ya Pacific. Ulendo uno malo ndi nthawi zinali zodziwika, ndipo akatswiri anatha kuika chithunzicho pambali pa zimene makompyuta awo anatulutsa n'kuona pamene akuphonya.