Catherine Deneuve, nkhope yosaulula zamumtima

Munthu akandifunsa za akatswiri a mafilimu a ku France, dzina lomwe ndimayamba kutchula ndi la Catherine Deneuve. Anabadwira ku Paris mu 1943. Makolo ake onse anali azisudzo, ndipo dzina lakuti Deneuve analitenga kwa amayi ake.

Mbiri yake inabuka mu 1964 ndi filimu ya Jacques Demy, Les Parapluies de Cherbourg, momwe mawu aliwonse amachita kuimbidwa, ngakhale macheza a amakaniko pagalaja. Filimuyi inapata mphoto yaikulu ya Palme d'Or ku Cannes.

Chimene chimandigwira mtima ndi njira imene anasankha atatchuka. Ndi kukongola kwakeko akanatha kumangosewera nkhani zachikondi mpaka kukalamba, koma anatola mbali zolemera. Mu Repulsion ya Roman Polanski, mu 1965, ndi mtsikana wotsala yekha m'nyumba ku London, mutu ukumusokonekera pang'onopang'ono. Mu Belle de Jour ya Luis Buñuel, mu 1967, ndi mkazi wa dokotala amene masana amazemba n'kukagulitsa thupi. M'mafilimu onsewa salira mofuula kapena kutambasula manja. Nkhope imakhala phee, ndipo woonera amakakamizika kuwerenga mantha ake m'maso ndi m'kayendedwe. Luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa ambiri akayesa kudekha chotere amangooneka ozizira.

Mu 1967 momwemo mkulu wake, Françoise Dorléac, yemwe anasewera naye limodzi mu Les Demoiselles de Rochefort, anamwalira pangozi yagalimoto.

Mphoto za César anazilandira kawiri: chifukwa cha Le Dernier Métro ya François Truffaut, yotuluka mu 1980, ndi Indochine ya mu 1992, yomwe inamuikanso pamndandanda wa opikisana pa Oscar.