Mapu a Lusaka Olembedwa ndi Anthu Wamba

Munthu wofuna nyumba ya mbale wace ku Kabulonga kapena ku Woodlands sabvutika kwambiri, pakuti miseu ya kumeneko inalambulidwa mwadongosolo ndipo iri ndi maina. Koma ku Kanyama, ku Misisi ndi ku Chibolya, kumene anthu anamanga okha, tinjira tambiri tiribe maina. Pamene nthenda ya kolera inabuka m'Lusaka mu October 2017, a nchito za umoyo anayenera kudziwa pamene pali zitsime ndi zimbudzi, ndiponso polowera galimoto. Mapu osasonyeza zimenezi ngacabe pa tsiku lotero.

Alipo mapu ena ochedwa OpenStreetMap, amene munthu ali yense angathe kulembamo zimene adziwa. Anawayamba ndi Steve Coast ku England mu 2004, pa nthawi imene mapu a boma la kumeneko anali ogula ndi oletsedwa kukopa. Mu 2010, cibvomezi citagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti, anthu a maiko ambiri analemba miseu ya mzindawo m'masiku owerengeka, ndipo opulumutsa anzao anagwiritsa nchito mapuwo. Ku Zambia nako alipo ocita nchitoyi, ena a gulu la OpenStreetMap Zambia, ena ophunzira a pa University of Zambia.

Tsono ambiri a iwo salandira ndarama. Kale pa migodi munthu anali kudziwa kuti tikiti ikatha malipiro alipo. Pano tikiti palibe. Nchitoyi ifanana ndi dima, kungoti mowa suphikidwa. Cimene cimsunga munthu ndico dzina lace. Nyumba iri yonse, mpope uli wonse umene alemba, makina asunga dzina limene iye anadzilembetsa nalo pamodzi ndi tsiku lace, ndipo wina akadzakonzapo pambuyo, dzina la woyambayo silifafanizidwa m'mbiri ya malowo. Lamulo la mapuwa, limene linakhazikitsidwa mu 2012, liloleza kampani, boma kapena sukulu kuwatenga kwaulere, koma ayenera kulemba poonekera kuti mapuwo ngocokera kwa olemba a OpenStreetMap. Kampani yobisa mau amenewa yadya thukuta la eni ace.

Kuitana atsopano kucitika kawirikawiri pa misonkhano yochedwa mapathon. Anthu asonkhana ndi makompyuta, dera ligawidwa m'tizigawo, ndipo yense atenga kace nalemba nyumba zimene aona pa zithunzi zojambulidwa kumwamba. Pambuyo pace wozolowera nchito ayang'ana zimene watsopano walemba. Apa mpamene gulu lipeza munthu kapena kumtaya. Woyang'anira akangofafaniza zolakwa osanena kanthu, kapena akakalipa, mlendoyo sabweranso. Akayamba ndi kuthokoza, nalongosola kuti ngodya za nyumba zikhale zoongoka, mlendo uja abwera ndi mnzace.

Cithunzi ca kumwamba cisonyeza denga lokha. Sicinena ngati pansi pace pali cipatala, cigayo kapena chalichi. Cifukwa cace mai wogulitsa pa msika wa Kabwata, kapena woyendetsa basi ya ku Chelstone, adziwa zimene wophunzira wa pa kompyuta sadziwa. Kulembetsa dzina nkwaulere. Cofunika ndi lamya ya m'manja kapena kompyuta yokhala ndi intaneti, ndi adiresi ya imelo.