Anthu Ojambula Sitima Zazing'ono

Anzathu, tonse tikuzidziwa sitima zazitali zonyamula malasha kuchokera ku Moatize. Zina zimapita ku Beira, zina ku Nacala. Koma palinso sitima zazifupi. Zimakoka mabogi atatu, asanu kapena khumi basi. Zimayenda pa njanji zazing'ono za kumidzi. M'maiko ambiri muli anthu amene amazikonda sitima zimenezi. Amayenda mitunda italiitali kuti akazijambule. Lero tiphunzira za anthu amenewa ndi phindu la ntchito yawo.

Ntchito ya sitima yaifupi

Mtsinje waukulu umadzaza ndi madzi a timitsinje. Njanji yaikulu nayo imalandira katundu kuchokera ku njanji zazing'ono. Sitima yaifupi imaima pa siteshoni iliyonse. Apa imasiya bogi la feteleza. Apo imatenga bogi la chimanga, thonje kapena matabwa. Ikafika pamphambano ya njanji, mabogi ake amalumikizidwa ku sitima yaitali yopita kudoko. Nthawi zina imakokanso bogi limodzi la anthu. Motero mlimi ndi katundu wake amayendera limodzi.

Chifukwa chake njanji zazing'ono zimafa

Njanji imafuna ndalama chaka ndi chaka. Pamafunika kukonza milatho, kusintha mitanda yowola ya pansi pa zitsulo, ndi kulipira antchito. Ndalama zimenezi zimafunika ngakhale sitima izidutsa kamodzi pa sabata. Msewu wabwino ukafika, malole amatenga katundu pakhomo penipeni. Katundu wa sitima amachepa. Eni njanji amaleka kukonza. Sitima imayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo anthu enanso amaithawa. Pomaliza njanji imatsekedwa.

Zimenezi zinachitika ku Britain. Mu 1963, Richard Beeching analemba lipoti lakuti boma litseke masiteshoni oposa 2,000 ndi njanji zotalika pafupifupi makilomita 8,000. Zambiri zinatsekedwadi. Anthu okonda sitima anathamanga ndi makamera awo kukajambula maulendo omaliza.

Ojambulawo ndani?

Ambiri ndi anthu wamba: aphunzitsi, amisiri, makalaliki ndi okalamba opuma pantchito. Salipidwa ndi munthu. Sitima yaitali imadutsa tsiku lililonse, ndipo ya lero imafanana ndi ya dzulo. Koma sitima yaifupi ndi yosowa. Kawirikawiri imakokedwa ndi injini yakale imene inasiya ntchito pa njanji zazikulu. Chaka chamawa mwina sidzakhalapo. N'chifukwa chake amaisakasaka.

Ku United States, Lucius Beebe ndi Charles Clegg anazungulira dziko lawo kujambula njanji zazing'ono. Mu 1947 linatuluka buku lawo lotchedwa Mixed Train Daily. Njanji zambiri za m'bukumo zinatha kalekale.

Munthu wina wa dziko lomwelo, O. Winston Link, anajambula sitima zoyendera malasha ndi nthunzi za kampani ya Norfolk and Western kuyambira 1955 mpaka 1960. Zithunzi zambiri anazijambula usiku ndi nyali zamphamvu. Sanajambule zitsulo zokha. Anajambulanso alimi, ana, masitolo ndi mahatchi a m'mbali mwa njanji. Anafika ndi pa kanjanji ka kumapiri kochokera ku Abingdon. Kanjanji kameneka kanatsekedwa mu 1977, ndipo lero ndi njira ya oyenda pansi ndi a njinga. Zithunzi zake zikusungidwa m'nyumba yoonetsera zakale ku Roanoke.

Amagwira bwanji ntchito?

Choyamba, amafunsa tsiku ndi ola limene sitima idzadutsa. Chachiwiri, amasankha malo: pa mlatho, pokhota njanji kapena pachitunda. Chachitatu, amaima mofulatira dzuwa kuti kuwala kugwere pa sitima. Kenaka amadikira. Sitima yaifupi sisunga nthawi kwenikweni. Munthu angadikire tsiku lonse chifukwa cha chithunzi chimodzi.

Akajambula, amalemba zinthu zinayi: tsiku, malo, nambala ya injini, ndi katundu amene sitima inanyamula. Chithunzi chopanda mawu chimakhala ngati mlendo wosatchula kwawo. Mawu olembedwa ndiwo amachisandutsa mboni.

Njanji imene inapulumuka

Ku Wales kuli njanji yotchedwa Talyllyn. Ndi yotalika pafupifupi makilomita 12. Inamangidwa mu 1865 kuti izinyamula miyala yopyapyala yofolera nyumba kupita ku Tywyn. Mgodi wa miyalayo unatsekedwa mu 1946. Mwini njanji anamwalira mu 1950. Anthu okonda sitima anakana kuti ithe. Anapanga bungwe, anasonkha ndalama, anagwira zokumbira ndi mafosholo. Mu 1951 anayamba kuyendetsa sitima okha popanda malipiro. Inali njanji yoyamba pa dziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu odzipereka chotere. Mpaka lero ikuyenda, ndipo imanyamula alendo. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga kuno kwathu?

Ifenso tinali ndi njanji zazing'ono. Njanji zathu zazikulu zili ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri. Koma ku Gaza kunali kanjanji kochokera ku Xai-Xai kudzera ku Manjacaze, ka mpata wa mamilimita 750 okha. Ku Inhambane kunali njanji yopita ku Inharrime. Ku Zambézia kunali ya Quelimane mpaka Mocuba. Zonsezi zinaleka kuyenda. Mwana wobadwa lero angazione pa zithunzi pokha. Mu 2015 ku siteshoni yaikulu ya Maputo kunatsegulidwa nyumba yosungira zakale za njanji. Mmenemo muli zithunzi, zida ndi injini zakale.

Ku Niassa nkhani ndi ina. Njanji ya Cuamba mpaka Lichinga, ya makilomita 262, inawonongeka kwambiri pa zaka za nkhondo. Inakonzedwa, ndipo inatsegulidwanso mu 2016. Apa tikuona kuti njanji yaing'ono ingathe kudzuka. Koma imakhala ndi moyo pokhapokha ikamapeza katundu ndi anthu okwera.

Tichenjere

Ambirife tsopano tili ndi foni yojambula. Nafenso tingasunge mbiri ya siteshoni ya kwathu. Koma tikumbukire izi. Sitima siima msanga. Sikhota kuti ilewe munthu. Ndi yaikulu m'mbali kuposa njanji imene ikuyendapo. Choncho tisaime pa njanji kapena pafupi nayo. Tisakwere pa mlatho wa sitima. Tisalowe pansi pa mabogi, ngakhale ataima. Pa siteshoni tiyambe tapempha kwa woyang'anira. Munthu tisamujambule asanavomere. Madzi akatayika saoleka.

Tikambirane

1. Kodi sitima yaifupi imathandiza bwanji sitima yaitali?
2. N'chifukwa chiyani njanji zazing'ono zimatsekedwa?
3. Tchulani zinthu zinayi zimene wojambula amalemba.
4. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu: kale sitima inkanyamula chiyani kwanuko? Lembani mayankho awo m'kope, ndipo mubwere nawo pa phunziro lotsatira.