Mutu 3: Greenhouse Imafuna Mpweya Kuposa Kutentha

Mutu uno uyenera kuyenda mwandondomeko: malo, zomangira, nthaka, madzi, kenako mbewu. Koma tisanakumbe dzenje la mzati woyamba, pali ganizo limodzi lofunika kulizula ndi mizu yomwe, chifukwa ndi limene lawotchetsa ndalama za anthu ambiri oyamba kumene. Ganizolo ndi lakuti greenhouse ndi nyumba yofunditsa mbewu. Kumene luso limeneli linakulira, zimenezo ndi zoona. Ku Westland m'dziko la Netherlands alimi amamanga nyumba zagalasi ndi kuzitenthetsa, popeza kwawoko dzuwa la Disembala limatuluka mochedwa, kulowa msanga, ndipo madzi amaundana panja. Mdani wawo ndi chisanu. Mlimi wa ku Salima kapena ku Chikwawa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, alibe chisanu choti athawe. Chimene iye akugula pomanga greenhouse ndi denga lotchinga mvula ndi mpanda wotchinga tizilombo. Phwetekere amakwera mtengo m'dzinja chifukwa wa kudimba amagwidwa ndi chiwawu masamba akamagona onyowa, ndipo amene ali ndi denga amakolola pamene madengu a anzake pa Lizulu kapena pa Jenda ali pafupi kuuma. Phindu lili pamenepo. Kutentha kumene kumabwera ndi pulasitikiyo ndi mlendo wosaitanidwa, ndipo luso lonse la kamangidwe lagona pa kumutulutsa.

Aliyense amene anakhalapo m'minibasi yoima pa depoti masana, mawindo ali otseka, kondakitala akudikira kuti idzaze, akudziwa kale zimene zimachitika pansi pa pulasitiki. Kuwala kwa dzuwa kumalowa, kutenthetsa nthaka, mizati ndi masamba, ndiye mpweya wotenthawo umasowa potulukira. Munthu amatha kutsika n'kukaima pamthunzi, phwetekere sangathe. Phwetekere amakondwa pakati pa madigiri 21 ndi 27. Masana akamapitirira 32 kwa masiku angapo, mungu wa m'maluwa umafooka, duwa limasanduka lachikasu pakakhosi pake n'kuthothoka lisanamange chipatso. Choipa kwambiri n'chakuti chomeracho chimaoneka chathanzi. Chimatalika, masamba ali biriwiri, mwini wake n'kumajambula zithunzi zotumiza kwa abale, koma mukawerama n'kuyang'ana pansi mupeza timaluwa touma tili mbwee m'mizere, ndipo tsango limene likanabala zipatso zisanu ndi chimodzi lagwira ziwiri. Apa ambiri amathamangira kusitolo kukagula feteleza wina, kapena kunena kuti anawagulitsa mbewu yachinyengo. Feteleza sachiza mungu wopsa. Chida chotsika mtengo kuposa zonse, chimene oyamba ambiri sachiganizira n'komwe, ndi choyezera kutentha chopachikidwa pa msinkhu wa nsonga za mbewu, chowerengedwa cha m'ma 1 koloko masana, osati m'mawa kukadali kozizira.

Ndiye kamangidwe kazitsatira mfundo imeneyi. Mpweya wotentha umakwera, monga utsi wa m'khitchini umafunafuna mpata wa kudenga. Nyumba yaifupi imausunga pamutu penipeni pa mbewu, choncho zipupa zisachepere mamita atatu, ndipo pakati pa denga pafike anayi kapena kuposerapo. Amene amadula mizati kuti apulumutse mitengo iwiri ya bulugamu amakhala wamanga uvuni ndi ndalama zake zomwe. Pulasitiki ikhale kudenga kokha. M'mbali monse mukhale neti. Pamsonga pa denga pasiyidwe mpata wautali, mbali imodzi ya denga itakwera pamwamba pa inzake kuti mvula isalowe, mpatawo utatchingidwa ndi neti. Mipata yonse yopitira mpweya ikaphatikizidwa isachepere gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa pansi. Mlimi wa fodya samavutika kumvetsa izi, pakuti amadziwa kuti chigafa chopanda mphepo chimawoletsa tsamba. Za malo, mawu ndi ochepa: pasakhale pansi pa mtengo, pasakhale podikha madzi, pasakhale pokhumana ndi khoma la mpanda limene limatseka mphepo. Za pulasitiki, gulani yopangidwira ntchitoyi, ya mamaikironi 200, yotetezedwa ku dzuwa, imene imatha zaka zitatu kapena kuposerapo. Pepala wamba lofolera nyumba za udzu limayamba kuthetheka chaka chisanathe. Ndipo paliponse pamene pulasitiki ikukhudza chitsulo kapena mtengo wokhakhala, kulungani nsanza kapena zidutswa za chubu chakale, chifukwa mwera ukamawomba imang'ambikira pamenepo.

Wina anena kuti: nanga ife a ku Dedza, ku Bembeke, kapena m'madambo a ku Mzimba, kumene mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula mbewu usiku? Funsoli ndi lomveka, ndipo usiku ukamatsika pansi pa madigiri 13 phwetekere amavutikanso kumanga zipatso. Koma yankho lake ndi makatani apulasitiki a m'mbali, otsitsa madzulo ndi kukweza m'mawa dzuwa likangotuluka, osati kumata nyumba yonse. Chisanu chimenecho n'cha miyezi iwiri kapena itatu, n'cha usiku wokha, pamene nyumba yomata imakhala yomata chaka chonse. Komanso nyumba yotsekedwa usiku wonse imachita thukuta: m'mawa madontho amalendewera kudenga n'kumagwera pamasamba, ndiye mwabweretsa nokha m'nyumba chinyezi chomwe chija munkachithawa kudimba.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Ngati mphepo ndi yofunika chotero, bwanji osangosiya m'mbali pululu, popeza neti yothina imachepetsa kwambiri mpweya wodutsa? Kunena zoona, denga lokha pamizati limathandiza ndithu pa mvula, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa ndi poyambira pabwino kuposa nyumba yomata. Koma pali ntchentche zoyera zimene zimafalitsa matenda opiringiza masamba, ndipo pali Tuta absoluta, kagulugufe kochokera ku South America kamene kanapezeka ku Spain mu 2006 n'kufalikira mpaka kuno kum'mwera kwa Africa. Mphutsi zake zimalowa m'kati mwa tsamba n'kudya mnofu wake, kusiya timawindo toyera, kenako n'kuboola chipatso pafupi ndi phata. Choncho neti ndi yofunika, ndipo chifukwa imatchinga mphepo, mipata iyenera kukula. Mfundo ziwirizi sizitsutsana. Imodzi imalipira ngongole ya inzake. Chimene chimawononga zonse ndi chitseko. Neti ya ndalama zambiri ilibe ntchito ngati chitseko chikhala chotsegula pamene mnyamata wothirira akucheza ndi mnzake panja. Pakhale zitseko ziwiri ndi kachipinda pakati, china chisatsegulidwe chinzake chisanatsekedwe, ndipo alendo obwera kudzaona chitukuko aonere panja. Kachilombo kakalowa, m'katimo mulibe mvula yokakokolola, mulibe mbalame yokadya. Khola limene limatchinga fisi limasanduka msampha fisiyo akalowamo.

Nthaka nayo ili ndi msampha wofanana. Kudimba mumatha kusintha malo. Greenhouse simungainyamule pamutu. Pamene panalimidwa phwetekere, mbatatesi, fodya, mabiringano kapena tsabola zaka zaposachedwa pamakhala chiopsezo cha matenda ofotetsa ndi tinyongolotsi totupitsa mizu, chifukwa mbewu zonsezi ndi za banja limodzi. Chomera chikafota masamba akadali obiriwira, nthaka ili yonyowa, dulani tsinde cha m'munsi, muliviike m'tambula ya madzi oyera osaligwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo, ndi matenda a mabakiteriya, ndipo palibe mankhwala opopera amene angachiritse chomeracho. Ndi chifukwa chake kubzala m'matumba, m'dothi lochokera kumalo oyera losakaniza ndi manyowa owola bwino, kumapulumutsa ambiri: thumba limodzi likadwala, mumalitulutsa lokhalo. Amene akufuna kubzala pansi akhoza kunyowetsa nthaka n'kuifunditsa pulasitiki yoonekera m'kati kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi nthawi yotentha. Apa pokha ndi pamene kutentha kuja kumagwira ntchito yabwino.

Madzi ndiye musamange musanawapeze. Pansi pa denga mvula sithirira, ngakhale mu Januwale. Chomera chachikulu chimamwa lita imodzi kapena malita awiri patsiku, ndipo nyumba ya mamita 8 m'lifupi ndi 15 m'litali imalowa zomera pafupifupi 300. Werengani nokha ndowa zake. Thanki yokwezedwa pamwamba ndi mapaipi odontheza patsinde ndi zabwino kuposa kheni, chifukwa masamba sanyowa, bola pakhale sefa kuti timabowo tisatsekeke ndi matope. Kuthirira modumphadumpha, lero chigumula mawa chilala, n'kumene kumadetsa chipatso kumatako kwake, ngakhale kashiamu ali m'dothimo. Ndipo popeza mvula sitsuka nthaka, mchere wa feteleza umaunjikana. Mukaona kutuwa pamwamba pa dothi, thirirani kwambiri kamodzi kuti utsike.

Za mbewu, sankhani mtundu wotalika wosaleka kukula, monga Anna F1, muukweze pachingwe, muzichotsa mphukira za m'khwapa sabata iliyonse zikadali zazifupi ngati chala. Mitundu ya Tengeru ndi Tanya ndi ya kudimba. Pomaliza pali kantchito kamene kamaiwalika chifukwa n'kopepuka: m'nyumba ya neti njuchi sizilowa ndipo mphepo siigwedeza maluwa mokwanira, tsono cha m'ma 10 koloko m'mawa, mame atauma koma kusanatenthe, yendani m'mizere mukumenya waya wa pamwamba ndi kamtengo kuti mungu ugwe. Katatu pa sabata n'kokwanira.