Nyongolotsi Imapuma ndi Khungu

Nyongolotsi ya m'nthaka, ija anyamata amakumba m'madimba kuti ikhale nyambo ya mbedza, ilibe mphuno ndiponso ilibe mapapo. Komabe imafuna mpweya wa okosijeni monga momwe timaufunira ife, pakuti popanda mpweyawu masamba oola amene imadya sangasanduke mphamvu yoboolera nthaka. Nanga imaupeza bwanji? Imapuma ndi khungu la thupi lonse, kuyambira kumutu kufikira kumchira.

Khungulo n'lopyapyala kwambiri, ndipo nthaŵi zonse limakhala lonyowa ndi madzi oterera ngati therere amene thupi lake limatulutsa. Apa mpamene pagona nkhani. Mpweya sungaloŵe pakhungu louma. Uyenera kuyamba wasungunuka m'chinyezicho, kenaka n'kuloŵerera m'timitsempha ta magazi timene tayala kunsi kwa khungu. Mpweya woipa umatulukiranso momwemo. Magazi ake ndi ofiira monga athu, popeza ali ndi himogulobini, chinthu chonyamula okosijeni. Kungoti kwa ife chimakhala m'maselo ofiira, pamene kwa nyongolotsi changosungunuka m'madzi a magaziwo.

Tsono nyongolotsi ikaumiratu padzuŵa imafa chifukwa chobanika, monga munthu wotsekedwa kukamwa ndi mphuno. Ana amene amaithira mchere kuti aione ikuphiriphitha sadziŵa kuti mcherewo ukuyamwa madzi amene imapumira. Makolo, maseŵera otere tiziletsa.

M'chilimwe imatsikira pansi pomwe pali chinyezi, n'kudzikulunga ngati mfundo m'kachipinda kopakidwa madzi oterera aja. Imangokhala duu, ndipo potero imasoŵa mpweya wochepa chabe kufikira mvula itagwa. Chodabwitsa n'chakuti mvula ikachuluka timaziona zikukwaŵa panjira. Sikuti zimamira msanga, ayi. M'madzi okhala ndi mpweya zingathe kukhala masiku angapo. Koma madzi odikha m'nthaka amasunga okosijeni wochepa, amene sachedwa kutha, ndipo mitundu ina imatuluka kukafuna wina. Akatswiri ena amati zimangopezerapo mpata woyenda mtunda wautali pamene kunja kuli konyowa.

Charles Darwin wa ku England anazifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1881 anasindikiza buku lathunthu lonena za momwe zimatembenuzira nthaka. Mauna ake ndiwo amaloŵetsa mpweya ndi madzi kumizu ya chimanga, ndipo zitosi zake ndi manyowa.

Ife tikaona utsi wa mapesi m'minda tikatha kukolola, mtima umatiŵaŵa. Mwina moto suipeza nyongolotsi pansi pomwe ili, koma umatha chakudya chake ndi chofunda cha nthaka, ndipo dothi losiyidwa lambulanda limauma msanga kufikira pansi. Achinyamata, mu Okutobala kafukuleni pansi pa mulu wa manyowa, mufukulenso pakati pa munda wotenthedwa, ndipo muŵerenge nyongolotsi zimene mupeze pamalo aŵiriŵa.